Chitenje cha Nkhanga cha Amake Limbani

Mukafika ku Nabvutika n'kufunsa za Fainess Zulu, anthu adzangoyang'anana. Wina adzati mwina ndi namwino wa ku kiliniki, wina adzati anasamukira ku Katete. Koma tangonenani kuti mukufuna Amake Limbani a zitenje, ngakhale wanjinga wa pa siteji adzakukwezani n'kukakutulani pakhomo pawo penipeni osafunsa njira.

Ndi mayi wamfupi, zaka zikukankhira ku makumi asanu ndi awiri, ndipo dzino limodzi lakutsogolo linatsalira mu nzimbe kalekale. Ku tchalitchi kwawo sanakhalepo wapampando wa chilichonse. Ku kwaya anawapumitsa mwaulemu chifukwa nyimbo ikalowera kum'mawa iwo ankalowera kumadzulo. Kuwerenga amachita kokoka, chala chili pa mzere. Koma musawaderere ayi. Ife a kuno tikamawatchula timatukula chifuwa, ndipo chifukwa chake mukhala mutachimva.

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, Lamulungu lililonse m'mawa, iwo ankaima kumanzere kwa khomo la tchalitchi, chikwama chodzaza zitenje zochapa ndi zosita chili paphewa. Mpingo wawo ndi wa aja amati mkazi asalowe m'nyumba ya Mulungu atavala thalauzi kapena siketi yosafika m'mawondo. Lamulolo analipeza, ndipo sanalitsutsepo. Matchalitchi ambiri ali naye mayi wotere wa pakhomo, koma ha, ambiri ntchitoyi amaigwira ngati apolisi a pa rodibuloko: "Iwe! Bwerera! Ukuona ngati kuno ndi kumowa?" Anthu onse n'kucheuka, mwana wa eni ake n'kusowa polowera.

Amake Limbani anali ndi kachitidwe kawo. Akaona mtsikana akubwera chapatali, siketi ili m'mwamba, ankamuchingamira asanafike pa masitepe. "Mwanawe, wabwera bwino. Tandinyamulirako ndowa kuseri uku, msana wandivuta." Ndowayo inalipodi, ya madzi othirira maluwa, ndipo m'Chipata monse mulibe ndowa ina imene inanyamulidwa ndi atsikana ochuluka chotero. Akafika kuseri ankatulutsa chitenje, osati chilichonse, koma chogwirizana ndi bulauzi ya mwanayo, kuti anthu aziti wachoka nacho kunyumba. Pommanga, maso awo ankaloza ku mtengo wa mapeyala uli apo. Miyendo ya mwana sankaiyang'ana, dzina sankafunsa, ngakhale ankawadziwa onse ndi amayi awo omwe. Mapemphero akatha unkangoponya chitenjecho m'dengu kuseri komweko, n'kumapita.

Mukafuna kudziwa kumene anazitenga zimenezi, tibwerere ku Chipangali, chaka cha 1970. Fainess anali mu Giredi 4 ali ndi zaka khumi ndi zitatu, poti sukulu anaiyamba mochedwa chifukwa cholera ang'ono ake ndi kuingitsa anyani kumunda. Tsiku lina aphunzitsi anamuitana kuti akawonkhetse samu pa bolodi. Ali chilili, choko m'manja, anangomva kalasi yonse yaphulika ndi phwete. Anali atakula m'mawa womwewo osadziwa, ndipo diresi la sukulu linali litamuulula kumbuyo. Aphunzitsiwo, mnyamata wongochoka kumene ku koleji, anasowa chochita n'kungoti, "Tuluka."

Njira ya kwawo inkadutsa pa chitsime. Panali amayi osachepera khumi, aliyense zitenje ziwiriziwiri, china m'chiuno china pamutu ngati nkhata. Onse anaona. Ena anagwira pakamwa, wina n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi mwana wa yani ameneyu?" Koma womasula chitenje panalibe. Fainess anayenda ulendo wonsewo manja ali kumbuyo, ndipo kusukulu sanapondekonso. Madzi akatayika saoleka, sukulu inatayika choncho. Anzake a m'kalasi aja sanawasungire kanthu, ana ndi ana. Chimene chinamuwawa mpaka imvi ndi amayi a pa chitsime aja.

Mu 1979 anakwatiwa ndi Ackim Zulu, wokonza njinga, bambo wolongolola wa manja akuda ndi girisi, amene anabwera naye ku Chipata. Anabereka ana asanu, woyamba Limbani. Mu 1988, mayi amene ankaima pakhomo la tchalitchi atasamuka, Amake Limbani anachita kukaipempha okha ntchito imene anzawo ankaithawa. Chitenje choyamba anagula okha atagulitsa mtedza wokazinga. Chinali chobiriwira, cha nkhanga zachikasu, ndipo sabata yoyamba yomweyo ngodya imodzi inapsa ndi simbi ya makala, n'kusiya chipsera chonga chala chachikulu.

Tsopano imvani za 1994. Lamulungu lina kunabwera Rabecca, mwana wa mkulu wa mpingo, woimba kwaya, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Diresi lake linali lalitali bwinobwino, koma pamimba linali litathina, zipi yakana, waigwiriza ndi mapini. Diso la Amake Limbani linawerenga miyezi pomwepo n'kupeza isanu. "Mwanawe, tandinyamulirako ndowa." Kuseri kuja mtsikana anawagwera m'manja akulira. "Amama, atate akadziwa andipha." Iwo sanamufunse kuti mwini wake ndani. Anammanga chitenje cha nkhanga chija mokweza, n'kumuveka juzi yawo pamwamba. Sabata yomweyo anamuperekeza kwa azakhali ake ku Chiparamba. Ankhoswe anakumana, ukwati unachitika msangamsanga, mwana wamkazi, Lenia, anabadwira kumudzi komweko, ndipo aja okonda kuwerenga miyezi ya anzawo masamu anawasokonekera. Chitenje chinabwerera m'dengu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngakhale a Zulu, ogona nawo chipinda chimodzi, sanaimve. Ndipo musati Amake Limbani ndiwo atiuza ife, iyayi. Amene amaikamba masiku ano ndi mwini wake.

Zaka zinapita. Chitenje cha nkhanga chinafwifwa, iwo n'kuchipumitsa mu sutikesi kunyumba. Rabecca uja anasanduka Mayi Tembo, Amake Lenia, mkazi wa mwini sitolo ya zitsulo m'tauni, ndipo mu 2023 amayi a mpingo osonkhana Lachinayi anamusankha kukhala wapampando. Tinene zoona, ndi mayi wogwira ntchito. Odwala amawayendera, pamaliro amafika woyamba. Koma pa nkhani ya atsikana anali wolusa zedi. Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi chingwe chomwe. Iye ankati ana amakono sakusintha chifukwa pali wina amene amawabisa kuseri. Ndiye anabwera ndi nzeru yake: pakhomo pakhale buku, wobwera atavala mosayenera alembedwe dzina, dzinalo liwerengedwe nthawi ya zolengeza, mwini wake aimirire mpingo wonse umuone.

Pofuna kuti nzeruyo ikhale ndi msana, anaitana Abusa Mwanza ku msonkhano wa Lachinayi kuti adzaphunzitse za mawu aja a mtumwi onena za kavalidwe ka akazi. Abusawa anali achinyamata, atangofika kumene, ndipo Chigiriki ankachikonda ngati tiyi wa mkaka. Anaima pa bolodi n'kulemba zilembo zokhotakhota zonga mapazi a nkhuku.

"Mawu amene mtumwi analemba ndi awa," anatero. "Amatchulidwa kuti aidosi. M'Chipangano Chatsopano sapezeka kawirikawiri, mwina kamodzi kapena kawiri basi. Agiriki anali ndi mawu enanso onena za manyazi a munthu wogwidwa, monga wakuba nkhuku akamamuyendetsa m'mudzi nkhuku ili m'khosi. Manyazi amenewo amabwera zinthu zitachitika kale, ndipo ngakhale mbava ili nawo. Mtumwi sanasankhe amenewo. Aidosi ndi chija chimakugwira dzanja usanachite choipa, chifukwa amene ali patsogolo pako, kaya ndi munthu kaya ndi Mulungu, ukumuona kuti ngolemekezeka. Ndi chija chimapatutsa mkamwini m'njira akaona apongozi akubwera, chikhalirecho palibe wom'kwapula. Ndi chija chimachititsa mwamuna kuodira asanafike pamtsinje posambira akazi, ngakhale palibe womuona."

Amayi anavomera ndi mitu. Kenaka kumbuyo kunakwera dzanja limene silinakwerepo pa msonkhano uliwonse.

"Abusa, pepani, ine sukulu ndilibe," anatero Amake Limbani. "Chinthu mwanenachi chimakhala pa wovala yekha, kapena ndi pa woyang'ana yemwe?"

Ena anaseka. Abusa anakanda m'mutu ndi dzanja la choko. "Amayi, chimafunika pa onse awiri." Atatero anayang'ana wotchi n'kutsanzika, poti kunali maliro ku Chiparamba. Akanakhalako pang'ono mwina zinthu zikanayenda mwina, koma mlendo sathyola mphasa, ndipo iwo sankafuna kukangana ndi amayi a mpingo.

Chitseko chisanatsekeke bwino, Mayi Tembo anaimirira. "Mwawamva abusa. Ana athu chinthu chimenechi alibe, ndiye tiwaphunzitsa ndi buku. Amake Limbani, kuti bukuli liyambe bwino, tipatseni mayina a onse amene mwawabwereka zitenje chaka chino."

"Mayinawo ndikuwadziwa onse, Amayi wapampando, kuyambira 1988. Koma sinditchula ngakhale limodzi."

Amayi angapo a mabulauzi oyera anayamba kufunafuna zinthu m'zikwama mwawo. Mayi Tembo nkhope inauma, cholembera chili m'manja.

"Ngati simutchula, siyani chikwamacho patebulo pano. Pakhomo tiikapo wina."

Abale, apa ndiye panali pa mayeso. Dzina limodzi lokha likanatha nkhani yonse. Linali pa lilime penipeni, likuyabwa, likutentha. Amake Limbani si mngelo, mtima unawawira, ndipo mumtimamo anati, iwe Rabecca, iwe amene unandinyowetsa bulauzi ndi misozi, lero ukundilanda khomo? Anatsegula pakamwa. Koma atayang'ana manja ogwira cholembera aja anaona manja omwe aja amene ankagwiriza mapini pa zipi, ndipo china chake chinawaletsa. Sanali mantha, chifukwa panalibe woti n'kumuopa. Anangoona kuti sangathe kumuvula munthu pagulu, ngakhale munthuyo akuwavula iwo. Anayenda mpaka kutsogolo, anagwada monga mwa mwambo, napereka chikwama ndi manja awiri.

Kunyumba analira, osati pang'ono. A Zulu anazungulira bwalo lonse sipanala ili m'manja.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu, n'kukutayani ngati tayala lakutha! Amake Limbani, inu theka la amayi amenewo mukuwadziwa kumene anapunthwa. Anyani kusekana zikundu! Tchulani mmodzi, mmodzi yekha, muone ngati sakubwezerani chikwamacho ndi mpando womwe."

"Atate ake Limbani, inu mukamamata chubu cha munthu, mumaitana anthu kuti adzaone pamene chabooka?"

"Chubu si munthu!"

"Ndiye ngati chubu mumachimata mwakachetechete, nanga munthu?"

A Zulu anang'ung'udza kuti akazi a ku Chipangali ndi ouma mitu, n'kubwerera ku njinga zawo.

Lamulungu lotsatira iwo anakhala pa benchi ngati wina aliyense, manja akusowa chogwira. Nthawi ya zolengeza mlembi anatsegula buku n'kuwerenga dzina limodzi: Tamiwe Daka. Kanali kamtsikana ka zaka khumi ndi zisanu, kamasiye kokhala ndi azakhali ake kumunsi kwa komboni. Siketi yake sinali ya fashoni ayi, inali ya sukulu ya ku Giredi 7, mwana anakula siketi n'kutsala. Anaimirira akuikokera pansi ndi manja onse awiri, mitu mazana atatu itatembenukira kwa iye. Mutu umodzi wokha sunatembenuke. Amake Limbani anayang'ana pansi pa simenti, misozi ikugwera pa mapazi, ndipo m'makutu mwawo munkamveka phwete la ku Chipangali lija. Kuyambira tsikulo Tamiwe sanaonekenso ku tchalitchi.

Anthu ankayesa kuti gogoyo watha. Anaiwala kuti njira yonse yochokera m'komboni kupita ku tchalitchi imadutsa pa mphambano, ndipo pa mphambanopo, pansi pa mtengo wa mango, ndi pamene pali chisakasa cha malata cha a Zulu. Lamulungu linalo anthu anadabwa kuona Amake Limbani atakhala pamenepo ndi mbaula ndi chiwaya, akukazinga mtedza. Mkulu wina wa mpingo anaima n'kufunsa ngati tsopano ayamba malonda pa tsiku la Ambuye.

"Sindikugulitsa, abambo. Ndikungokazinga. Wofuna alawe."

Ndipo mtsikana wa siketi yaifupi akatulukira, mawu anali akuti, "Mwanawe, tabwera undilawire ngati mchere wakwana." Kulawako kunkathera m'chisakasa, mmene a Zulu omwe aja, ong'ung'udza aja, anali atasesa bwinobwino n'kupachika chiguduli pakhomo ngati katani. Zitenje za mpingo zinali zitapita ndi chikwama, ndiye iwo anakhuthula sutikesi yawo n'kupeza zisanu ndi chimodzi, ndipo pobwera nazo ankazikulunga m'chitenje chofwifwa cha nkhanga chija. Nyimbo yachiwiri ikayamba ankazimitsa moto n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo.

Miyezi inayi buku lija linakhala pa katebulo pakhomo, Mayi Tembo ali pambali pake ndi cholembera, koma dzina lachiwiri silinalowemo. Mtsikana aliyense ankafika atamanga chitenje chake bwinobwino, pakamwa pakununkhira mtedza. Mayi Tembo anawatumira Amake Limbani uthenga kuti aleke. Iwo anayankha mwaulemu kuti khomo ndi la mpingo, analisiya, koma msewu ndi wa kansolo. Komabe musaganize kuti ankakondwa. Pa mphambanopo khomo la tchalitchi limaonekera, ndipo Lamulungu lililonse ankaliyang'ana ngati munthu woyang'ana munda umene anamulanda.

Kenaka linafika Lamulungu la zokolola, mwezi wa Juni, tsiku limene anthu amabwera ndi chimanga, maungu ndi nkhuku kudzathokoza, ndipo alendo amachuluka. Nthawi isanakwane naini koloko zitenje zisanu ndi chimodzi zija zinali zitatha. Kutabwera wachisanu ndi chiwiri, iwo anamasula cha m'chiuno mwawo n'kutsala ndi diresi lokha. Belu lomaliza likulira, pa mphambano panaima njinga, n'kutsika mayi wachitsikana wa chikwama cha kumsana, atavala thalauzi ya jinzi. Anali Lenia, mwana wa Mayi Tembo, amene tsopano ndi namwino ku Kitwe. Anali atangotsika basi, akuthamangira kukadzidzimutsa amake pa tsiku lawo lalikulu. Za buku sankadziwa chilichonse.

Amake Limbani anayang'ana pansi. Panatsala chitenje chimodzi chokha, chokulungira chija. Akamusiya mwanayu apite choncho, mlembi amulemba pamaso pa amake, ndipo wapampando sangakane lamulo lake lomwe. Akammanga cha nkhangachi, amake achizindikira, ndipo adzati gogoyu wachita dala, wanditumizira uthenga wondiopseza. Zaka makumi atatu anatseka pakamwa, lero nsalu iwalankhulire? Koma mwana anali atayamba kale kuyenda.

"Lenia, mwanawe! Tabwera undilawire mchere."

"Ambuya! Mukadali moyo?" Anawakumbatira akuseka. M'chisakasa muja atamva za buku anagwira pakamwa, ndipo ataona chitenjecho anaseka kwambiri. "Koma Ambuya, ichi ndiye cha makedzana! Nkhanga zake zinachita kukalamba."

"Zakalamba koma sizinathawe. Tembenuka."

Anammanga maso ali kudenga la malata, ndipo ngodya yopsa ija anaipinda kawiri n'kuilowetsa mkati mwenimweni. Lenia anathamanga. Iwo tsiku limenelo sanazimitse moto. Anakhala pa mbaula akuyang'ana kukhomo. Anaona mayi ndi mwana akukumbatirana, Mayi Tembo akulumpha ngati kamtsikana. Kenaka anaona mayiyo wangoima. Dzanja lake linatsikira m'chiuno mwa mwana wake, linafufuza, linatulutsa ngodya. Kenaka anatembenuza mutu kuyang'ana ku mtengo wa mango. Amake Limbani anagwetsa maso m'chiwaya. Mtedza unali utapserera, koyamba chiyambire kukazinga.

Mapemphero a zokolola amatalika, ndipo tsikulo anatalika ngati chaka. Atatha, atsikana anadutsa mmodzimmodzi kuponya zitenje m'chisakasa. Anthu atapungula, anaona Mayi Tembo akubwera okha, bulauzi yoyera, chikwama cha zitenje paphewa, buku ndi chitenje cha nkhanga m'manja. Amake Limbani anafulumira kulankhula.

"Amake Lenia, sindinachite dala. Zinali zitatha zonse, ndi cha m'chiuno mwanga chomwe."

"Ndikudziwa, Amama. Ndaona mmene munaipindira ngodya."

Wapampando wa amayi onse anagwada pafumbi, pakati pa masipoko akutha ndi zigamba za machubu. "Tsiku lija mumsonkhano ndinkadikira kuti munditchule. Miyezi inayi yonseyi ndakhala ndikudikira. Ndinakulandani chikwama kuti mukadzanena, anthu adzati n'chifukwa cha mkwiyo." Anatsegula buku n'kulitembenuzira kwa iwo. Amake Limbani anaika chala pa mzere n'kuyamba kukoka. Pamwamba panali Tamiwe Daka. Pansi pake, inki ikadali yatsopano, panali Rabecca Tembo, 1994.

"Lamulungu likubwerali ndidzaliwerenga ndekha, ndipo ndidzaimirira."

Amake Limbani anagwira tsamba lija, kwee, n'kuliponya pa makala. Linapsa onse awiri akuyang'ana.

"Iwe Rabecca, ine ndinakufunditsa kuti udzadzivule wekha pagulu? Dzuka apo, anthu akuona." Anamukoka dzanja n'kumusasa fumbi m'mawondo ngati mwana. "Lako lapsa, latha. Koma lapamwamba lija linalowa kale m'makutu mwa anthu mazana atatu, limenelo moto sungalifufute. Ukudziwa kumene amakhala?"

"Sindidziwa, Amama."

"Ine ndikudziwa. Nyamula chikwamacho, msana wandivuta."

Anatsetsereka awiriwiri kumunsi kwa komboni, gogo wopanda chitenje patsogolo, wapampando pambuyo atasenza katundu. A Zulu, amene anamva zonse ali kuseri kwa malata, anakhala pa mpando wawo wa matabwa pakamwa pali yasa. Pomaliza anangoti, "Zaka makumi atatu m'nyumba imodzi, ine osadziwa kanthu!" Ndipo anapukuta m'maso ndi dzanja la girisi n'kudzidetsa nkhope yonse.

Tamiwe tsikulo anakana kutuluka. Mayi Tembo anaima panja akuodira, ndipo anabweranso Lachiwiri, n'kubweranso Lachisanu, osaponda pakhonde mpaka mwana atavomera yekha. Buku lija silinabwererenso pakhomo. Nkhani ya 1994 Mayi Tembo anayamba waiuza Lenia, ndipo masiku ano amaikamba yekha kwa amayi achitsikana pa Lachinayi, popanda womukakamiza. Amake Limbani akangomva waiyamba amanyamuka kukathirira maluwa, ati sakonda kumva za eni.

Patatha mwezi, Lamulungu lina m'mawa, iwo ali pamalo pawo kumanzere kwa khomo, chikwama paphewa, anaona Tamiwe akubwera pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi. Anali atavala siketi yomwe ija ya ku Giredi 7. Mayi Tembo anali atamugulira ina yaitali, koma mwanayo anaisiya dala kunyumba, ankafuna aone chimene chichitike. Anthu amene anali pa masitepe anayamba kutembenuka. Amake Limbani anaika phazi kuti atsike, koma wina anawadutsa mothamanga, bulauzi yoyera, n'kukaima pakati pa mwanayo ndi maso a anthu.

"Mwanawe, wabwera bwino," anatero Mayi Tembo. "Tandinyamulirako ndowa kuseri uku."

Amake Limbani anapisa dzanja m'chikwama, anasankha chogwirizana ndi bulauzi ya mwanayo, n'kumupatsira wapampando chakumbuyo, osayang'ana.